Kalata Yotseguka kwa Akuluakulu a Cedar Point ndi a Six Flags pa Nkhani ya Top Thrill 2

Kwa akuluakulu oyendetsa paki ya Cedar Point ku Sandusky, Ohio, ndi kwa mabwana a kampani ya Six Flags Entertainment Corporation ku Charlotte, North Carolina.

Olemekezeka,

Ndikukulemberani poyera chifukwa nkhani ya Top Thrill 2, roller coaster ya ku Cedar Point (njanji yokwera ndi kutsika imene anthu amayendapo m'sitima zaliwiro pofuna kusangalala) imene inatsekedwa mu 2024 itangoyenda pafupifupi sabata imodzi, sinathere pa 3 Meyi 2025, tsiku limene sitima zake zinayambanso kunyamula anthu. Pali mafunso amene okonda paki yanu anafunsa m'chaka cha 2024 amene akufunikabe mayankho, ndipo popeza kampani yanu yalonjezanso roller coaster ina yaikulu ku New Jersey n'kuisunthiranso mtsogolo, zikuoneka kuti zimene zinachitika ku Sandusky zikhoza kubwerezedwa. Ine ndine mmodzi wa anthu okonda Cedar Point, ndipo ndikulemba ngati munthu wofuna kuti malowo apitirize kukhala odalirika. Kuchedwa kutsegula makina onyamula miyoyo ya anthu sindikuona vuto, ndipo nthawi zambiri ndiye nzeru. Chimene chikundivuta ndicho kulengeza tsiku makinawo asanatsimikizike, kugulitsa matikiti pa lonjezo limenelo, kenako n'kutseka pakamwa zinthu zikasokonekera.

Chidwi chimene anthu anali nacho pa Top Thrill 2 munachidzala nokha pa zaka zambiri. Cedar Point yakhala ikulandira alendo m'mbali mwa nyanja ya Erie kuyambira 1870, koma mbiri imene inaimveketsa dziko lonse ndi ya kukwera m'mwamba. Mu 1989 munatsegula Magnum XL-200, roller coaster yoyamba ya njanji yozungulira kubwerera poyambira imene inapitirira mamita 61. Mu 2000 kunabwera Millennium Force ya mamita 94, ndipo pa 4 Meyi 2003 munatsegula Top Thrill Dragster, yomangidwa ndi kampani ya Intamin pa mtengo wa madola 25 miliyoni, yotalika mamita 128, imene inkachoka poima n'kufika liwiro la makilomita 193 pa ola m'masekondi osakwana anayi. Ulendo wonse unkatenga masekondi 17 okha, koma anthu ankaima pamzere maola chifukwa cha masekondi amenewo, ndipo inu nomwe munanena kuti pa nyengo 19 zimene inagwira ntchito inanyamula anthu 18 miliyoni. Munthu amene anakwera Dragster ali mnyamata mu 2003 anali atakhala kholo pofika 2021, akuyembekeza kuti mwana wake atalike mokwanira kuti adzakwere naye limodzi.

Dragster inali yovuta kusamalira, ndipo zimenezi sizinali zachinsinsi. Sitima inkakankhidwa ndi mphamvu ya mafuta opanikizidwa, amene ankazungulitsa chimgolo chachikulu chokulunga chingwe chachitsulo, ndipo chingwecho chinkakoka kangolo kokola sitimayo kunsi kwake. Makina otere ali ndi zitsulo zambiri zokhulana pa liwiro loopsa, choncho amaperepeseka msanga. Mu Julaye 2004 anthu anayi anavulazidwa ndi tizidutswa tachitsulo tochokera ku chingwe chimenechi, ndipo mu Ogasiti 2016 chingwe chinamasukanso sitima ikunyamuka. Anthu ankadziwa kuti akhoza kufika pa paki n'kupeza Dragster yatsekedwa chifukwa cha mphepo ya panyanja, mvula kapena vuto la makina, ndipo ankapirira.

Za pa 15 Ogasiti 2021 zinali zina. Chitsulo chokhala ngati chilembo cha L, chachikulu ngati chikhatho cha munthu wamkulu, chimene chimamangidwa kumbuyo kwa sitima kuti zipangizo za m'mbali mwa njanji zizidziwa pamene sitimayo ili, chinathothoka sitima ikumaliza ulendo n'kukamenya m'mutu mayi wina wa ku Michigan amene anali pamzere. Mayiyo sanali m'sitima, ndipo sanaphwanye lamulo lililonse. Anaima pamene munawauza anthu kuti aziima, ndipo anavulala modetsa nkhawa. Nthambi ya zaulimi ya boma la Ohio, imene ndiyo imayendera makina a m'mapaki m'derali, inatulutsa lipoti mu Febuluwale 2022 lonena kuti sipanapezeke umboni wokwanira woti Cedar Point inaphwanya malamulo, ngakhale kuti inapeza mabawuti oduka ndi zina zofunika kukonza. Ndikukumbutsa zimenezi chifukwa Top Thrill 2 inabadwira pa ngozi imeneyi. Aliyense amene amadandaula za kuchedwa kwake ayenera kukumbukira mayi ameneyu, koma inunso muyenera kukumbukira kuti pa makina amenewa, kuposa pa ena onse a m'paki yanu, anthu ali ndi chifukwa chomveka chofunira kudziwa chilichonse chokhudza zitsulo za sitima.

Mu Seputembala 2022 munalengeza kuti Dragster monga tinkaidziwira yapuma, ndipo kuti mukukonza china chatsopano pamalopo. Anthu anadikira miyezi yambiri akungojambula zithunzi za makina okumba ndi zidutswa za njanji zikufika, mpaka pa 1 Ogasiti 2023 pamene munatulutsa dzina la Top Thrill 2 ndi ndondomeko yake. Chingwe ndi mafuta zinachotsedwa, ndipo m'malo mwake munaika mamota amagetsi oyalidwa m'njanji amene amakankha maginito omangidwa kunsi kwa sitima popanda kukhudzana nawo. Popeza mamota ameneŵa sakanafikitsa sitima pamwamba ndi kukankha kumodzi pa njanji yakaleyo, munamanga nsanja yachiwiri ya mamita 128 kumbuyo. Sitima imayamba yapita kutsogolo pa makilomita 119 pa ola, n'kukwera pang'ono nsanja yakale, n'kubwerera chambuyo, n'kukankhidwa mpaka makilomita 163 pa ola kukwera nsanja yatsopano chafutambuyo, kenako n'kutsika ndi kukankhidwa kachitatu mpaka makilomita 193 pa ola kuti iwoloke pamwamba penipeni. Nzeru imeneyi ndi yotamandika, ndipo kale kubwerera chambuyo kunali mwayi wa apo ndi apo umene okwera Dragster ankaulakalaka, pamene tsopano aliyense amaupeza.

Ntchitoyi simunaipereke kwa Intamin amene anamanga yoyambayo. Munaipereka kwa Zamperla, kampani ya ku Italy ya pafupi ndi mzinda wa Vicenza, yodziwika kwambiri ndi makina a mabanja ndi ana, imene inali isanapangepo roller coaster ya msinkhu ndi liwiro lotere. Sitima zake, zotchedwa Lightning, zinali za mtundu watsopano, zopepuka, zosemedwa kuchokera ku aluminiyamu, zonyamula anthu 20 iliyonse. Kupatsa kampani mwayi woti ikule si mlandu. Koma pamene wopanga ndi watsopano pa msinkhu umenewo, sitima ndi zatsopano, ndipo njanji ina ndi yakale ya zaka 20 imene inapangidwira sitima za mtundu wina, munthu aliyense wodziwa ntchito za uinjiniya akanakuuzani kuti nthawi yoyesera iyenera kukhala yaitali kuposa ya masiku onse, ndipo tsiku lotsegulira liyenera kulengezedwa mosamala. Ku Sandusky nyengo yozizira ndi yaitali, mphepo yochokera pa nyanja ya Erie ndi yamphamvu, ndipo masabata oyesera makina paki isanatsegulidwe mu Meyi amakhala ochepa. Zimenezi mumazidziwa kuposa ine.

Top Thrill 2 inatsegulidwa pa 4 Meyi 2024, patadutsa zaka 21 ndendende chitsegulireni Dragster. Pa 12 Meyi munalengeza kuti yatsekedwa kwa nthawi yotalikirapo kuti a Zamperla asinthe zina pa sitima zake, ndipo kuti simungathe kunena tsiku lotseguliranso. Juni anadutsa, Julaye anadutsa, anthu akungoona sitima zopanda anthu zikuyesedwa nthawi zina, mpaka pa 23 Ogasiti pamene munavomera kuti siitsegulidwanso m'chaka chimenecho. Makina amene anthu anawadikira kuyambira 2021 ananyamula anthu pafupifupi sabata imodzi yokha pa nyengo yonse.

Kutsekako ndikugwirizana nako ndi mtima wonse. Amene anaona vuto pa sitima zimenezo n'kunena kuti ziime, podziwa ndalama ndi manyazi amene adzatsatire, anachita ntchito yake bwino, ndipo ndikanakonda kuti kampani yanu imuyamikire. Kuthamanga si kufika. Funso langa lili pa sabata imene inadutsa musanatseke. Anthu anakwera sitima zimenezo pa liwiro la makilomita 193 pa ola, ena ali ndi ana awo, ndipo patangopita masiku ochepa sitima zomwezo zinapezeka kuti zikufunika kusinthidwa kwakukulu kotenga chaka chathunthu. Kodi vutolo linali chiyani kwenikweni? Kodi linaonekera pa nthawi yoyesera n'kuganiziridwa kuti ndi laling'ono, kapena linatulukira sitima zitayamba kuyenda tsiku lonse zitadzaza anthu? Ngati linatulukira pambuyo, kodi kuyesako kunali kokwanira? M'zilengezo zanu za miyezi imeneyo simunatchule chitsulo chimene chinkavuta, ndipo mpata umene munausiya unadzazidwa ndi mphekesera za pa intaneti, ena akunena za mawilo, ena za zitsulo zogwira mawilowo, ena akukokomeza mpaka kuopseza anzawo. N'kutheka kuti yankho loona ndi lokhazika mtima pansi, lakuti panalibe chiopsezo chapafupi koma zitsulo zinkatha msanga kuposa mmene zinayenera. Ngati ndi choncho, kulinena kukanakuthandizani inu nomwe.

Ndikudziwa kuti pamakhala mapangano ndi wopanga makina, maloya, ndi nkhani za amene adzalipire. Koma paki yanu inasonyezapo kale kuti n'zotheka kulankhula momveka. Mu 2007 roller coaster ya Maverick, yomangidwa ndi Intamin, inayenera kutsegulidwa limodzi ndi paki mu Meyi, koma poyesa zinapezeka kuti gawo lina la njanji, pamene sitima inkagudubuzika chadodolido, linkapanikiza sitima mopitirira muyeso. Munanena zimenezo poyera, munachotsa gawolo n'kuika lina, ndipo Maverick inatsegulidwa pa 26 Meyi, itachedwa masabata awiri. Anthu anakhumudwa pang'ono, koma anamva chifukwa chake, ndipo mpaka lero Maverick ndi imodzi mwa zokondedwa kwambiri m'pakimo. Kufotokoza kumeneko sikunaononge mbiri ya Intamin kapena yanu.

Tsopano ndinene za anthu amene analipira. Cedar Point imagwira ntchito kuyambira Meyi mpaka kumapeto kwa Okutobala kapena kuchiyambi kwa Novembala, ndipo matikiti a nyengo yonse ya chaka chotsatira mumayamba kuwagulitsa chakumapeto kwa nyengo yotentha, nthawi yomweyo imene mumalengeza makina atsopano. Zimenezi sizichitika mwangozi, pakuti makina atsopanowo ndiwo amagulitsa matikiti. Banja la ku Michigan, ku Pennsylvania kapena ku Indiana, kuphatikizapo mabanja a Amalawi ambiri okhala ku South Bend amene kwa iwo Sandusky ndi ulendo wa maola angapo pa galimoto, likafuna kubwera limayamba kupempha tchuthi kuntchito miyezi ingapo nthawi isanakwane, kusungitsa chipinda ku Hotel Breakers kapena ku malo ogona otchipirako a m'tauni, ndi kupatula ndalama pang'onopang'ono. Kwa munthu wogwira ntchito yolipidwa pa ola, tsiku limene sanagwire ndi ndalama yotayika. Munthu wotereyu akanauzidwa mu Juni kuti mwayi woti makinawo atsegulidwe chaka chino ndi wochepa, akanasankha yekha kubwera chifukwa cha ma roller coaster ena monga Millennium Force ndi Steel Vengeance kapena kudikira chaka chamawa. Pomusiya m'malere mpaka kumapeto kwa Ogasiti, ana atatsala pang'ono kubwerera ku sukulu, munamulanda mwayi wosankha. Sindikunena kuti munkadziwa zonse kuyambira mu Meyi, koma wopanga makina akakuuzani kuti zitsulo zatsopano ziyenera kujambulidwa, kupangidwa, kutumizidwa kuchokera kutsidya la nyanja ndi kuyesedwa, mumakhala ndi chithunzi cha miyezi imene ikufunika, ndipo chithunzi chimenecho mukanagawana ndi makasitomala anu.

Palinso antchito anu a pazipata ndi pamizere, ambiri mwa iwo achinyamata ogwira ntchito ya nyengo imodzi, ena ophunzira ochokera ku mayiko akunja. Iwowa ndiwo amakumana maso ndi maso ndi mlendo wokwiya, ndipo amafunsidwa funso limene ngakhale iwo sanauzidwe yankho lake. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo si bwino kuti nkhonya za mabwana zizigwera mwana wa zaka 19 amene waima padzuwa atavala yunifolomu.

Chimene chandichititsa kuti ndilembe tsopano ndi zimene zinatsatira. Pa 1 Julaye 2024 kampani ya Cedar Fair, imene inali eni ake a Cedar Point, inaphatikizana ndi Six Flags, kotero kuti chisankho cha ofesi imodzi tsopano chimakhudza mapaki ambiri ku United States, Canada ndi Mexico. Mu Novembala chaka chomwecho roller coaster ya Kingda Ka ya ku Six Flags Great Adventure ku Jackson, New Jersey, imene kuyambira 2005 inali yaitali kuposa zonse padziko lapansi pa mamita 139, inayenda ulendo wake womaliza popanda chilengezo chochokera kwa inu. Munatsimikiza za kutsekedwa kwake patadutsa masiku angapo, anthu atatsekeredwa kale mwayi wokatsanzikana nayo, ndipo pa 28 Febuluwale 2025 nsanja yake inagwetsedwa ndi zophulitsa. Zifukwa zoichotsera n'zomveka, pakuti inali ya makina a mafuta ndi chingwe ngati Dragster, odula kusamalira. Koma kuitseka mwakachetechete kunapweteka anthu amene anakula nayo. Pa chilengezo chomwecho munalonjeza kuti muika ndalama zoposa madola 1 biliyoni m'mapaki anu pa zaka ziwiri, ndipo kuti m'malo mwa Kingda Ka mudzabwera roller coaster yophwanya mbiri zingapo mu 2026. Miyezi ingapo pambuyo pake, mu 2025, munauza anthu kuti ntchitoyo siitha mu 2026. Pa paki yomweyo The Flash: Vertical Velocity, imene inalonjezedwa mu 2024, inatsegulidwa mu 2025. Zikachitika kamodzi tinganene kuti ndi tsoka, koma apa zikuoneka ngati chizolowezi cha kalengezedwe kanu, chakuti a zamalonda amatsogola ndi chaka, mainjiniya n'kumatsatira pambuyo.

Ku Cedar Point komweko, patangopita masabata ochepa mutavomera kuti Top Thrill 2 siitsegulidwa, munalengeza roller coaster ina yatsopano, Siren's Curse ya kampani ya Vekoma, imene inatsegulidwa pa 28 Juni 2025. Inaima panjira kangapo m'masabata ake oyamba, okwera n'kutsitsidwa pa masitepe. Ambiri amene amadziwa makinawa amamvetsa kuti kuima kotero ndi chizindikiro chakuti zipangizo zotetezera zikugwira ntchito, koma kholo limene laona kanema wa anthu akutsika wapansi kuchokera pa mamita 49 silidziwa zimenezo ngati simulifotokozera, ndipo limakhulupirira msanga mawu anu ngati munalilankhula zoona pa nkhani yapitayo.

Pempho langa loyamba ndi lakuti mutulutse chikalata chachidule, m'chilankhulo chimene munthu wamba angamve, chofotokoza chimene chinavuta pa sitima za Top Thrill 2 mu Meyi 2024, mmene chinadziwikira, chimene chinasinthidwa, ndi amene anatsimikiza kuti kusinthako n'kokwanira. M'chilengezo chanu choyamba munatchula kuti pali katswiri wodziimira payekha amene adzaunike ntchitoyo limodzi ndi a Zamperla ndi amakaniko anu. Zimene katswiriyo anapeza siziyenera kukhala za m'kabati. Makampani a ndege ndi a magalimoto akapeza vuto pa chitsulo amalitchula dzina, ndipo anthu amapitiriza kukwera. Ohio ndi dera limene linakhwimitsa malamulo a kayenderedwe ka makina otere mu 2019, mnyamata atamwalira pa chionetsero cha Ohio State Fair mu 2017 chifukwa cha chitsulo chodyeka ndi dzimbiri, choncho anthu a kumeneko amadziwa kufunika kwa nkhani zimenezi ndipo akhoza kuzimvetsa mukawauza.

Ndikupemphanso kuti makina aakulu akatsekedwa kwa nthawi yaitali, muzikhala ndi tsiku lodziwika, kaya kamodzi pa masabata awiri, lopereka uthenga wa pamene ntchito yafika, ngakhale uthengawo utakhala wakuti palibe chasintha ndipo mwayi wotsegula mwezi uno palibe. Pamodzi ndi zimenezo pakhale lamulo lolembedwa pasadakhale, limene wogula aziliona asanalipire, lonena chimene adzalandire ngati makina amene munatsatsira tikiti ya nyengo yonse sagwira ntchito kwa gawo lalikulu la nyengoyo, kaya ndi kuchotsera mtengo wa chaka chotsatira kapena kusintha masiku a hotela popanda chindapusa. Chipukuta misozi choganiziridwa anthu atayamba kale kukalipa chimaoneka ngati chongowatseka pakamwa. Ndipo makina akale akafika potha, anthu auzidwe nyengo isanathe, monga munachitira ndi Mean Streak mu 2016 ndi Wicked Twister mu 2021, pamene munalengeza tsiku lomaliza anthu n'kubwera kudzakwera komaliza.

Pa roller coaster ya ku New Jersey, imene tsopano maso a anthu ambiri ali pa iyo, tiuzeni zimene mukumanga, tionetseni ntchito ikuyenda, ndipo tifotokozereni chimene chinachititsa kuti 2026 ikanike. Koma tsiku lotsegulira musalilengeze kufikira sitima zitayenda pa njanjiyo zitalemedwa mokwanira, tsiku lonse, kwa masabata ambiri, ndipo amakaniko atazimasula n'kuona mmene zitsulo zikuthera. Ngati zimenezo zitanthauza kutsegula mu Julaye m'malo mwa Meyi, kapena kudikira chaka china, nenani choncho musanayambe kugulitsa matikiti a nyengoyo.

Ine wanu mwaulemu,

Mmodzi wa okonda Cedar Point